Nkhata Pa Chishalo

Ana anga, mwakhala mukundifunsa za chishalo chakale cha njinga chimene chili pamsomali kuchipinda kwanga, ndipo Rozina wafuna kawiri konse kukachitaya kudzala. Popeza ndinapuma ntchito ndipo dzanja likadagwira cholembera, ndilemba nkhani yake kuti mudzawerenge nokha. Pakamwa ndalephera kukuuzani. Mukundidziwa mayi wanu, mawu ena amandikanirira pakhosi. Za ubwana wanga palibe chokamba. Ndinalima, ndinatunga madzi, sukulu ndinalekezera Sitandade 2 nditangodziwa kuwerenga ndi kulemba Chinyanja.

1950

Ndinayamba ntchito pa chipatala cha mishoni chaka chotsatana ndi njala ija. Ntchito yanga inali yochapa nsalu za kuwodi ya amayi. Zinthu zinali zosowa. Sopo akabwera ankamudula ndi mpeni n'kumatigawira tizidutswa, akatha tinkachapa ndi phulusa ndi madzi owira. Mabandeji sitinkataya: kuchapa, kuwiritsa, kuyanika, kukulunganso, mpaka nsalu itayamba kuonekera ngati sefa. Ulusi womangira mchombo wa khanda tinkachita kusolola ku nsalu zakutha n'kuuwiritsa m'chitini.

Mkulu wathu anali Sisitere wachizungu, wamtali, wamsinkhu wa mayi anga. Tonse tinkawatchula a Sisitere Changu, chifukwa mawu a Chinyanja amene anayamba kuwadziwa anali amenewo, ndipo sanawasiyenso. Sanali munthu wankhanza, koma lamulo lawo linali lamulo. Ataona kuti sindilankhulalankhula ndiponso sindinjenjemera ndikaona magazi, anayamba kundiitana kuti ndiwagwirire beseni, kenaka kusambitsa makanda, kenaka kumanga mchombo. Ine ndinkangoti "inde, Sisitere" maso ali pansi. Ndikhulupirira kuti zaka ziwiri zoyamba sanamve mawu ena kwa ine kupatula amenewo.

Panalinso a Namate, dresala, womanga mabala kuwodi ya amuna. Anali atapitako kunkhondo, ankadziwa Chingerezi, ankavala wotchi, ndipo njinga ankatha kupalasa manja ali m'thumba. Sanali woipa mtima, koma pakamwa pawo panali poyabwa.

1952, Malichi mpaka Julayi

Rozina, iwe unabadwa m'Malichi chaka chimenecho, ndipo unabwera ndi mutu waukulu. Ndinang'ambika, a Sisitere anandisoka okha. Nditabwerera kuntchito m'Juni ndinkayenda bwinobwino, koma pa benchi ndinkakhalira mbali imodzi.

M'Julayi lole yochokera ku Limbe inatsitsa njinga yatsopano, yakuda, yokutidwa ndi mapepala. Inali yachikazi, yopanda chitsulo chapakati, koma chishalo chachikazi kusitolo kunalibe, ndiye anangoikapo chimene anali nacho. A Sisitere anatisonkhanitsa pakhonde n'kufotokoza. Amayi ambiri ankabwera kuchipatala mochedwa, atavutika kale masiku atatu kumudzi, ndipo makanda ankafa ndi kafumbata chifukwa cha zimene ankapaka pamchombo. Ankafuna munthu woyendera midzi ya kwa Likoswe, kwa Nchema ndi ku Mauwa, kuona amayi oyembekezera ndi kuwauza kuti azibwera nthawi ilipo. Anati akufuna munthu wamkazi, chifukwa mayi sangavundukule mimba pamaso pa mwamuna, koma akapanda kupezeka wotha kupalasa, njinga atenga a Namate. Atatero analoza ine.

Madzulo anandiitanira muofesi n'kundiuza zotsala. Ntchito yochapa inali kutha mwezi womwewo, chifukwa kunali kubwera atsikana ophunzira usisitere amene azidzachapa okha. Ngati ndikufuna kukhala pachipatala, njira inali njingayo basi. Anandipatsa sabata imodzi. Loweruka lotsatira ndinyamuke Misa ya m'mawa ikangotha, ndikafike ku Mauwa ndi bokosi la mankhwala pakaliyala, aphunzitsi a kumeneko andisayinire kalata, ndibwere belu la Angelo la masana lisanalire. Anawonjezanso lamulo limodzi, chala chili m'mwamba: munthu aliyense asaikepo sipanala. Njinga yakale ya mishoni inatha chifukwa aliyense woibwereka ankachotsa chitsulo chabwino n'kubwezerapo chakutha, mpaka inatsala felemu yokha.

Bambo anu nthawi imeneyo ankagwira ntchito kuesiteti pa nyengo yosankha fodya yokha. Miyezi yotsala nyumba inkadalira ine. Sindinanene kanthu koma "inde, Sisitere", ndipo ndinali ndisanakwerepo njinga chibadwire.

Sabata yophunzira

Ndinkaphunzirira pabwalo la mpira kuseri kwa tchalitchi, ndikaweruka. Bambo anu ankagwira kaliyala n'kumathamanga pambuyo, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndinagwa kambiri, bondo lakumanzere lili ndi chipsera mpaka lero. Koma tsiku lachitatu ndinamva akundiyankhula ali kutali, nditacheuka ndinawaona ataima pakati pa bwalo manja ali m'chiuno. Ndinali nditazungulira ndekha osadziwa. Kupalasa sikunandivute. Chinandivuta ndi chishalo.

Chinali chopapatiza, chachikopa chouma gwa, chokwezeka ngati cha mwamuna wamtali, ndi mphuno yaitali yoloza m'mwamba. Mphunoyo inkafika penipeni pamene panasokedwa. Ndikangokhalapo ululu unkakwera mpaka m'mano. Mukhoza kufunsa kuti bwanji osanena. Ife kuchinamwali anatilangiza kuti za kumeneko sizitchulidwa kwa mwamuna, ngakhale wako yemwe, ndipo ine ndinali wamanyazi kuposa anzanga onse. Kwa a Sisitere nakonso ndinkaona kuti sindingayambe. Munthu wa Mulungu, wosakwatiwa, ndikamuuze ndi mawu ati? Choncho ndinkapalasa choimirira, thako lili m'mwamba, ndikuvinavina pa mapedulo.

A Namate ankabwera kudzaonerera ataima pamthunzi ndi odwala amene ankatha kuyenda. Tsiku lina anafuula kuti, "Mayi a Rozina, mukupalasa kapena mukusinja? Khalani pansi, umenewo ndi mpando, si mtondo." Anthu anaseka, bambo anunso anaseka pang'ono, kenaka anachita ngati akutsokomola.

Lachitatu ndinayesa msewu weniweni, wopita kwa Likoswe. Pabwalo munthu ukhoza kuimirira, koma pamsewu wa miyala ndi zitunda miyendo inatopa, ndinakhala pansi. Ndinapirira mpaka pamlatho wa mitengo. Nditatsika n'kulowa m'munda wa nandolo kukadziona, ndinapeza magazi pansalu. Ndinabwerera chokankha njinga. Bambo anu atafunsa ndinati tcheni chinaguluka. Ndinayesa kupinda chitenje kanayi n'kumangirira pachishalo, koma zinaipiratu. Nsaluyo inkaunjikana pakati pomwe sindinkafuna kuti pakhudzidwe.

Lachinayi

M'mawa ndinapita kuchitsime nditatsimikiza kuti ndikabweza njinga, ndikanene kuti ndalephera. Nditadzaza mtsuko ndinatola nkhata yanga kuti ndiike pamutu, ndipo chala chinalowa pabowo lapakati. Ndinaima nayo m'manja. Ndasenza madzi kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma ndinali ndisanaganizepo chifukwa chake nkhata imakhala ndi bowo. Mtsuko umalemera m'mbali mozungulira, paliwombo pamakhala posakhudzidwa. Ndinathamanga ndi madzi akutayikira kumsana. Ndinapota nkhata ya masamba ouma a nthochi, yotalikirapo ngati dzira, n'kuiika pachishalo. Inaterereka n'kugwa. Chishalocho chinali chopapatiza kwambiri, panalibe poti nkhata ikhazikike. Pankafunika chishalo china chotakata, chotsitsidwa, ndipo zimenezo sizichitika popanda sipanala.

Pamsika wa m'mbali mwa msewu panali Che Saidi, Mchawa wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Iwowo sindikanatha kuwayankhula, koma akazi awo, Abiti Ajasi, ndinkawadziwa. Ndine ndinawagwira dzanja pamene ankabereka mapasa. Nditaweruka ndinakankha njinga mpaka kwawo, ndinaiimika pamtengo, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene ankasenda nandolo. Ndinakhala nawo n'kumasenda, ndikuyamba nkhani za mvula, za mapasa, za mtengo wa mchere. Lichero litatsala pang'ono kudzadza anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndabwera kudzagwira ganyu. Ndiye ndinanena, motsitsa, ndikuyang'ana makoko. Anaseka mpaka misozi.

"Achemwali, inu mumaona zathu tsiku ndi tsiku, nyali ili m'manja. Zanu zokha ndiye zoopsa kutchula?"

Anapukuta manja n'kupita kumtengo, ine ndili pambuyo pawo. Anauza amuna awo kuti, "Achemwaliwa apezereni chishalo chotakata, muchitsitse, mphuno iyang'ane pansi. Ndipo musafunse."

"Ine ndafunsa?" anatero Che Saidi, akutola sipanala.

Sipanala itangokhudza nati ya chishalo ndinati adikire. Ndinawauza za lamulo la a Sisitere. Anachotsa sipanala n'kuiika pabondo. Anati iwo alibe changu, njinga si yawo, ntchitonso si yawo, ndinene ndekha. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndikapanda kumasula, Loweruka sindikafika ngakhale theka la njira. Ndikamasula, ndaswa lamulo lokhalo limene a Sisitere anandipatsa, ndipo adzandifunsa chifukwa chake pamaso pa anthu. Zaka ziwiri ndinali ndisanachitepo chinthu chimene sanandiuze. Iwe Rozina unali kumsana, unayamba kusuntha ukufuna bere. Ndinati, "Masulani."

Che Saidi anali ndi zishalo zinayi zakale zopachikidwa pawaya. Ankamanga chimodzi, ine n'kuzungulira mtengo wa mango, n'kubwera kudzanong'oneza Abiti, Abiti n'kuwauza amuna awo mokweza ngati akumasulira mlandu. Choyamba chinali chong'aluka pakati, chinkatsina. Chachiwiri chinali chotakata bwino koma masipuling'i ake anali atafa, mwala uliwonse ndinkaumva m'mutu. Chachitatu chinali chopendekera kumanzere chifukwa mwini wake wakale anali wotsimphina. Chachinayi Che Saidi sankafuna n'kuchitsitsa komwe, ankati n'chonyansa. Chinachokera pa njinga ya dona wina wa kuesiteti, chikopa chake chitadyedwa ndi makoswe, koma chinali chotakata ngati mbale ndipo masipuling'i ali amoyo. Ndinaikapo nkhata, inakhazikika.

Nkhata yoyamba inali yonenepa kwambiri, mapazi sankafika bwino pa mapedulo. Ndinapota ina yocheperapo pomwepo, ndi masamba a nthochi za kuseri kwa nyumba yawo, n'kuikulunga ndi mpango wanga. Abiti anatenga chikopa chofewa cha mbuzi ndi zingano ya amuna awo yosokera nsapato, anakuta nkhata ndi chishalo pamodzi, n'kusoka mozungulira bowo kuti pakati pakhale polowa. Che Saidi anatsitsanso pang'ono, anaweramitsa mphuno, anamanga nati ija, maso awo onse ali kumwamba kwa mango ngati akuwerenga masamba.

Ndinakwera. Ndinakhala pansi pang'onopang'ono, ndikudikira ululu uja. Sunabwere. Ndinazungulira mtengo, ndinalowa mumsewu, ndinasankha dala pamene panali miyala. Ndinafika kumtsinje n'kubwerera, ndili chikhalire. Pobwera ndinaliza belu, koyamba chiyambire sabata imeneyo, ndipo nkhuku za pamsika zinabalalika. Abiti anakana nkhuku imene ndinalonjeza, anati dzanja lija ndinawagwira lakwanira. Chishalo chatsopano chija ndinachikulunga m'nsalu n'kupita nacho kunyumba.

Loweruka

Kunali chiperoni, phiri la Chiradzulu litabisika theka. Misa itatha anthu anasonkhana pakhonde la chipatala, ambiri kudzaona mmene ndigwere. Ndinafika ndi njinga, iwe uli kumsana. Ndinaika chishalo chokulunga chija patebulo, pafupi ndi bokosi. A Namate ndiwo anayamba kuona. Anazungulira njinga, anagogoda chikopa cha mbuzi ndi chala, n'kunena kuti njinga yabereka ng'oma. A Sisitere sanaseke. Anayang'ana nati ya chishalo, anaona pamene sipanala inakanda utoto, anavundukula nsalu patebulo n'kuona chishalo chawo.

"Ndani wachita izi?"

"Ndine, Sisitere."

"Ndinati chiyani za sipanala?"

Pakhonde panali a Namate, panali alonda, panali bambo anu. Ndinamva nkhope ikutentha mpaka m'makutu. Ndikanatha kunena kuti chinali chachitali, zikanakhala zoona pang'ono, koma sichikanakhala chifukwa chosinthira chishalo chonse. Ndinakweza maso, koyamba, n'kuwayang'ana.

"Munandisoka ndinu, Sisitere. Mukudziwa pamene munasoka."

Amuna onse anapeza china choti ayang'ane. A Sisitere anafiira kuyambira pakhosi mpaka pamphumi. Anaweramira njinga, anaika chala chachikulu pabowo la nkhata, anadina m'mbali mozungulira, monga ankachitira poyeza mimba. Kenaka anafunsa motsitsa ngati panatuluka magazi, ndinati Lachitatu, anati ndikabwera andione. Ananyamula bokosi n'kulimanga okha pakaliyala.

"Changu," anatero.

Ana anga, ulendo umenewo ndikanakonda mukanauona. Msewu unali woterera ndi mame, koma ndinali nditakhala bwino ngati pamkeka. Pazitunda ndinkatsika n'kukankha, potsetsereka ndinkangosiya mapedulo, mphepo ikundilowa m'manja mwa diresi, iwe ukugona kumsana. Amayi m'minda ankaweramuka makasu ali m'manja. Mwamuna wina wa njinga ya nkhuni anayesa kundipitirira, ndinamusiya pachitunda chachiwiri. Chiperoni chitayamba kuchoka ndinazindikira kuti ndikuimba nyimbo ya ku Misa mokweza, ine amene m'tchalitchi ndinkangogwedeza milomo.

Ku Mauwa aphunzitsi anasayina kalata msanga. Koma nditatuluka ndinapeza amayi ataizungulira njinga. Sanabwerere ine kapena bokosi. Mmodzi wachikulire anadina chishalo, anaweramira, n'kunena kuti iyi ndi nkhata, ndani amasenza madzi ndi kumeneko. Onse anaseka. Panalibe mwamuna pafupi, ndipo nditanena kamodzi pakhonde paja, kachiwiri sikanavutenso. Ndinakhala pansi kukuyamwitsa n'kuwauza zonse: mutu wako, kusokedwa, magazi a m'munda wa nandolo. Kuseka kunatha. Wina anati iye anang'ambika zaka zinayi zapitazo ndipo sanauzepo munthu. Wina anakoka mwana wake wamkazi wa mimba yoyamba, mapazi atatupa ngati maungu, n'kunena kuti ndimuone. Ndinamuona kuseri kwa sukulu, ndinawauza kuti asadikire, ndipo mayi ake analonjeza kubwera naye Lolemba. Anabweradi, ndipo mwana amene anabadwa ndi uja munkamudziwa akuyendetsa basi ya ku Limbe.

Nkhani zinanditengera nthawi. Nditayang'ana mthunzi wa mtengo ndinaona kuti wafupika kwambiri. Ndinakumanga kumsana n'kupalasa ngati ndikuthawa moto. Pachitunda chomaliza sindinatsike. Miyendo inkanjenjemera, koma pokhala panali bwino, ndiye ndinangoweramira pahandulo n'kuponda. Nditalowa pageti la mishoni ndinaona woliza belu akumasula chingwe pamsomali. Ndinaimika njinga pakhonde, ndinapereka kalata m'manja mwa a Sisitere, ndipo ali mkati moitambasula belu la Angelo linalira. Tonse tinaima kupemphera, ine ndikupuma wefuwefu, bambo anu akulakwitsa mawu chifukwa cha kumwetulira.

Pemphero litatha a Sisitere analowa muofesi, anatuluka ndi pampu ndi kachikwama ka zomatira chubu, zimene ankazikiyira m'kabati. Anandipatsa n'kunena kuti ndizisunga kwathu, chifukwa Lolemba ndiyambira kwa Nchema. Chishalo chatsopano chija anachiika pamwamba pa kabati, ndipo chinakhala pomwepo mpaka iwo atasamutsidwa.

1953 ndi zaka zotsatira

Njinga imeneyo ndinayenda nayo mpaka inatha, ndinalandira ina, inatha nayonso. Chishalo ndinkasamutsa. Mvula ikatha chaka chilichonse ndinkasomola ulusi, ndipote nkhata yatsopano, ndisokenso. Pa mudzi uliwonse watsopano sindinkayamba ndi bokosi. Ndinkaimika njinga pamene amayi akusinja n'kudikira kuti wina adine chishalo.

A Namate anabwera kwathu chaka chotsatira, Lamulungu lina masana, chipewa chili m'manja. Anacheza ndi bambo anu za fodya nthawi yaitali. Potsanzika anaima pafupi ndi njinga n'kunena, akuyang'ana kudenga, kuti ali ndi mlamu wawo amene amavutika pokhala, ndiye ngati sikovuta ndimupotereko nkhata imodzi. Ndinafunsa kuti mlamu wawoyo ndi wathupi lotani. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti ngati iwowo.

Ndinapita kuseri kukathyola masamba a nthochi, ndipo sindinafunsenso.